Mutu 6: Ngati, Apo Ayi Ngati, Apo Ayi

1. Malamulo a pakhomo

Loweruka lililonse, Zakia asanatuluke pakhomo, ankaimitsidwa kaye kuti amve malamulo. Anali atawamva kambirimbiri moti akanatha kuwaimba ngati nyimbo ya kusukulu. Koma kayeseni kuwauza zimenezo a Safia, azakhali ake! Mayi uja sankadulidwa mawu.

Chinali chaka cha 1997. Awiriwa ankakhala ku Makause, m'kanyumba ka malata kamene ku Joni amati mkhukhu. Zakia anali ndi zaka 17. Anachoka ku Ntaja amayi ake atamwalira, n'kutsatira abambo ake, a Abdulhamid, omwe ankagwira ntchito mumgodi. Chaka chisanathe, chifuwa chinawatenga nawonso. Anamusiyira mlongo wawo Safia ndi pepala limodzi basi.

Pepalalo linali pemiti yowalola iwo ndi mwana wawo kukhala m'dzikomo. Dzina la Zakia linalimo, chidindo chinalipo. Koma mwiniwake analiona kamodzi kokha. A Safia analitsekera m'bokosi lachitsulo kunsi kwa bedi, kiyi n'kumangirira pachingwe cha m'chiuno.

Kwa anthu a ku Makause, a Safia anali Mama Sofi wa ku Giyani, kumpoto kwa dziko lomwelo, mayi wosalankhulalankhula. Zakia anali Zanele, mwana wa m'bale wawo wokulira ku Tsakane. Chizulu anachigwira msanga moti palibe ankamukayikira.

"Tamvera iwe," anayamba a Safia uku akumanga duku. "Ngati munthu wakufunsa dzina kapena kwanu, munthu aliyense, ndiwe Zanele wa ku Tsakane. Chichewa chithere pakhomo pano. M'tekisi usaimbe, usadandaule mokweza, ndipo ukapunthwa usati mayo. Apo ayi, ngati wakuumiriza, tseka pakamwa, uziti mutu ukupweteka. Apo ayi, ngati ndi apolisi a vani aja, taya chilichonse uthawe, koma usathawire kuno molunjika. Zonsezi zikakanika, anthu n'kudziwa, ndiye basi: chikwama, lole ya a Sefu yopita ku Malawi ija, kumudzi. Wamva?"

"Ndamva, azakhali. Koma si pepala tili nalo?"

Apa ndiye anaputa mavu.

"Pepala! A Osman aja analibe pepala? Anali nalo, loyera bwino, losungidwa m'kapulasitiki. Apolisi atawaimitsa pamsewu analitulutsa monyadira. Mmodzi wa iwo analiyang'ana, n'kuling'amba pakati, n'kuling'ambanso, zidutswa n'kuponya m'ngalande. Atatero anawafunsa kuti, pepala lako lili kuti? Lero a Osman ali ku Machinga, makina awo osokera anatsala kuno akudyedwa ndi dzimbiri. Ndiye iwe ukuti pepala? Pepala limateteza munthu likakhala m'bokosi. Likatuluka, ngakhale mvula imalitha. Usandiuzenso za fotokope, anyamata ofotokopawo amaba manambala a anthu. Mwana wanga, kwa eni kudyetsa nthanga dzungu ukulifuna. Abambo ako anandisiyira iwe m'manja, sanandisiyire kompyuta. Pita, ubwere dzuwa likadalipo."

Zakia anatenga kope lake n'kutuluka. Atangodutsa pampopi wa madzi anasanduka Zanele.

2. Tekisi yoyamba

Kalasi ya kompyuta inali ku Boksburg, m'chipinda cha pamwamba pa sitolo ya mipando. Bungwe lina linaikamo makompyuta akale asanu ndi awiri kuti achinyamata aziphunzira ulere. Poopa akuba, mlonda ankakhoma chitseko cha zitsulo pamasitepe ana akangolowa, n'kudzatsegula nthawi yopuma.

Aphunzitsi anali a Mavis, mayi wamfupi wa magalasi okhuthala. Ana onse ankangoti Mem. M'kalasimo ankalankhula Chingerezi chosakaniza ndi Chizulu, koma ine ndikupatsirani zonse m'Chichewa kuti tisasiyane panjira.

Tsikulo Mem anayamba ndi kubwereza phunziro la sabata yatha.

"Nonse mwabwera patekisi," anatero. "Woitanira wa parenki amagawa bwanji anthu? Amati, ngati ukupita ku Tsakane, kwera iyi. Apo ayi, ngati ukupita ku Benoni, kwera iyo. Apo ayi, ngati ndi ku Germiston, ima apo. Apo ayi, choka pamzere, usatitsekere njira. Kompyuta nayo imasankha chonchi. IF ndiye ngati. ELSEIF ndiye apo ayi ngati. ELSE ndiye apo ayi womaliza, dengu lotolera onse otsala. Gertrude, munthu akakwera tekisi yoyamba ija, amamvanso za Benoni?"

Gertrude anali mnzake wapamtima wa Zakia, wa ku Makause komweko, mtsikana woseka ndi thupi lonse. "Haibo, Mem! Chitseko chatsekedwa kale, ali panjira."

"Chimenecho musadzachiiwale. Kompyuta imawerenga kuchokera pamwamba. Ikangopeza ngati woyamba amene ali woona, imachita zimenezo, mizere yotsalayo osaiyang'ananso. Ngakhale pansi patakhala yankho labwino chotani, siilifika. Choncho chimene mwaika pamwamba muziyamba mwachiganizira kawiri."

Atatero anatulutsa pepala m'chikwama.

"Sukulu ina ya zaluso yatipatsa malo asanu. Maphunziro a kompyuta a chaka chathunthu, satifiketi pamapeto. Ndasankha amene anachita bwino pamayeso."

Anawerenga mayina. Zanele anali wachiwiri. Gertrude anali wachitatu, ndipo anakuwa mpaka ogula mipando pansi paja ayenera kuti anadzidzimuka. Anamukumbatira mnzake, awiriwo n'kumalumphalumpha. Zakia anasangalala zenizeni, chisangalalo chimene anali asanachimvepo chimwalirireni abambo ake.

Koma chisangalalocho sichinathe mphindi zisanu.

"Asukuluwo atumiza diski iyi," anapitiriza Mem, akuilowetsa mukompyuta yapatsogolo, yokhayo yolumikizidwa ku pulinta. "Aliyense wa asanu inu ayankhe mafunso, pulinta imutulutsira kapepala. Lolemba 8 koloko mukaonetse kapepalako kusukuluko, pamodzi ndi chiphaso chanu. Dzina la pakapepala lifanane ndi la pachiphaso, chilembo ndi chilembo. Wopanda kapepala malo ake apita kwa wina."

3. Njira zonse zotseka

Asanu aja anaima pamzere, kalasi yonse itawazungulira. Woyamba anakhala pampando. Kompyuta inamufunsa dzina. Inamufunsa ngati ali ndi chiphaso cha nzika, kabuku kobiriwira kaja, ndipo atalemba eya inafuna nambala yake. Inamufunsanso ngati ali ndi pemiti ya mlendo, iye n'kulemba ayi. Pulinta inalira kuti tsrrr, kapepala n'kutuluka: Pitani ku desiki 1.

"Zanele, ndiwe," anatero Gertrude.

"Tsogola iwe. Ndikumanga kaye nsapato."

Nsapato yakeyo inalibe n'zingwe zomwe. Gertrude anaseka n'kutsogola. Wachinayi anadutsa. Zakia anadzikoka chambuyo mpaka kukafika pakhomo.

"Mem, ndingapite panja pang'ono?"

"Pita, ufulumire."

Anatsika masitepe atatu n'kugunda chitseko cha zitsulo. Chokhoma! Anachigwedeza, loko n'kungolira kuti gwede gwede. Anasuzumira pansi. Pampando wa mlonda panali chipewa chokha, mwiniwake atapita kukagula buledi ndi makiyi m'thumba. Kunja anthu ankangodutsa, matekisi akuimba mahutala, koma iye analibe potulukira.

Tiyeni timuwerengere njira zake mtsikanayu, muone ngati inu mukanachita bwino kuposa iye. Ngati alemba kuti chiphaso ali nacho, kompyuta ifuna nambala yaitali ija, ndipo Zanele alibe nambala chifukwa Zanele sanabadwe. Apo ayi, ngati alemba zoona, anthu khumi ndi awiri aima kumbuyo kwake akuwerenga galasi la kompyuta. Apo ayi, ngati akana kukhala pampando, malo apita, ndipo chaka chamawa chimupeza akutchapa zovala za eni ku Primrose pamodzi ndi azakhali ake. Kalanga ine, mwana wa eni! Paliponse pamene akanaponda panali minga.

"Zanele!" Anali mawu a Mem. "Watsala wekha. Sitigona kuno."

Anakwera masitepe atatu aja pang'onopang'ono ngati nkhalamba.

4. Mzere wosafikidwa

Anakhala pampando. Padzina analemba Zanele. Pafunso la chiphaso zala zinaima.

"Lemba eya, iwe," ananong'ona Gertrude. "Waiwala sipelo yake?"

Zakia anatembenukira kwa Mem. "Mem, ndingayambe ndayesa kaye? Munati pulogalamu iliyonse tiziiyesa ndi mayankho osiyanasiyana. Onsewa ayankha zofanana."

Mem anamuyang'ana pamwamba pa magalasi. "Ndinaterodi. Yesa."

Pachiphaso analemba ayi. Papemiti analemba eya. Anadina batani lalikulu. Galasi linaphethira, n'kutulutsa mawu atatu: Pepani, malo palibe.

Anyamata akumbuyo anaombera m'manja. "Ndi zimenezo! Makwerekwere kwawo!" anatero mmodzi. Limenelo ndi dzina lachipongwe limene ankatchulira alendo. Zakia anali atalimva kambiri m'tekisi, n'kumasekerera nawo kuti asadziwike. Tsikuli linamulasa ngati singano.

"Khalani chete!" anakalipa Mem. "Kalata ya asukuluwo ili apa. Ikunena kuti wa pemiti amaloledwa, apite ku desiki 2. Ndiye kompyuta ikumukaniranji? Zanele, tsegula pulogalamuyo tione m'mimba mwake."

Zakia anatsegula. Mbali yosankha ija, tikaimasulira, inali yotere:

IF chiphaso = "ayi" THEN
PRINT "Pepani, malo palibe"
ELSEIF pemiti = "eya" THEN
PRINT "Pitani ku desiki 2"
ELSE
PRINT "Pitani ku desiki 1"
END IF

"Ndani akuona vuto?" anafunsa Mem.

"Palibe vuto, Mem," anatero mnyamata uja. "Ife tonse yatitulutsira bwinobwino."

Inde, kwa iwo inalibe vuto. Dzenje amalidziwa ndi amene wagweramo. Zakia analoza galasi.

"Mzere wa pemiti ulipo, Mem, koma wa pemiti sangaufike. Munthu wa pemiti sakhala ndi chiphaso cha nzika. Ndiye funso loyamba limamugwira pomwepo, n'kumukweza tekisi yobwerera. Amene amafika pamzere wachitatuwo ndi a chiphaso okhaokha, omwe pemiti alibe nayo ntchito. Desiki 2 ilipo, koma palibe adzapiteko."

"Ukonza bwanji?"

"Tisayambe ndi kukana. Tiyambe ndi amene akuloledwa. Ngati ali ndi chiphaso, desiki 1. Apo ayi, ngati ali ndi pemiti, desiki 2. Pepani akhale kumapeto, atole okhawo amene alibe zonse ziwiri."

"Konza tione."

Zakia anafufuta mizere ija n'kuyamba kulemba mwachangu. Mantha anali atamuchoka pang'ono, chifukwa ntchito imeneyi ankaidziwa. Mzere woyamba unalowa. Wachiwiri unalowa. Atalemba wachitatu, kompyuta inalira kuti pii, kabokosi kodandaula n'kutulukira pakati pa galasi.

Anali atalemba ERSEIF.

Inu amene munabadwira kwathu, musamuseke. Ndani mwa ife sanasokonezepo L ndi R? Lilime lathu silizisiyanitsa, ndipo zala zikathamanga zimatsata lilime.

"Mayo!" Mawuwo anamupulumuka asanawagwire.

Kalasi inagwa ndi phwete. "ERSE! Ndi Chingerezi cha kuti chimenecho?" Mwamwayi mawu oti mayo aja anamira m'phokosomo. Nthawi yomweyo loko inalira pamasitepe, mlonda wabwera.

"Kapumeni nonse," anatero Mem. "Zanele, tsala umalize."

5. Chilembo chimodzi

M'chipinda munatsala anthu awiri ndi phokoso la makompyuta. Zakia anachotsa R n'kuikapo L. Pulogalamu inayenda. Galasi linafunsanso funso loyamba lija, dzina, kamzere kakang'ono kakuphethiraphethira podikira yankho.

Mem anakoka mpando n'kukhala pambali pake. Anavula magalasi.

"Bambo anga ankalemba chonchi," anatero motsitsa mawu. "Kalata zawo zonse, R pamalo a L, L pamalo a R. Miyezi yapitayi unalemba PLINT kawiri, ine ndinangokonza osanena kanthu. Lero wawonjezera mayo. Mawu amenewo ndinawamva komaliza tsiku lomwe bambo anga anadzimenya ndi hamala pachala."

Zakia anaweramitsa mutu. "Mutu ukundipweteka, Mem."

"Uzikupweteka uku ukumva. Bambo anga anabwera kudzagwira ntchito mumgodi ine ndisanabadwe. Kontirakiti itatha sanabwerere, anachona. Anatenga dzina la kuno, Johannes, n'kumati kwawo ndi ku Venda. Ife ana awo sanatiphunzitse chinenero chawo, kuopa kuti tingawaulule kusukulu. Ine ndimadziwa zikomo ndi mayo basi. Atamwalira tinafuna kulembera abale awo. Tilembe kuti? Dzina lawo lenileni tinalipeza kuseri kwa chithunzi, Zakeyu, mudzi wake osalembedwa. Pamanda pawo panalembedwa Johannes. Kwinakwake ku Malawi kuli anthu amene mpaka lero akudikira Zakeyu."

Anapukuta magalasi ndi nsonga ya juzi.

"Sindikunamiza kuti kunjaku kuli bwino. Wamva wekha zimene anyamata aja anena, ndipo amenewo ndi ana. Amene anakuphunzitsa kubisala si wopusa, anaona zinthu. Koma tamvera. Satifiketi imalembedwa dzina limodzi. Ukaphunzira ngati Zanele, thukuta lidzakhala lako, satifiketi idzakhala ya munthu amene kulibe. Ine sindingakusankhire. Ukafuna, zimitsa kompyutayi, uzibwerabe Loweruka ngati Zanele, ine pakamwa panga ndatseka. Malowo ndipereka kwa wotsatira pamndandanda. Ukawafuna malowo, lemba dzina la papepala lako, ndipo Lolemba upite nalo pepala lenilenilo. Ine ndikaperekako diski yokonzayi ndi kalata, kuti wina asadzagwerenso m'dzenje limeneli. Kodi pepalalo uli nalo?"

"Lilipo, Mem. Lili m'bokosi. Kiyi ili m'chiuno mwa azakhali."

"Limenelo ndi khomo lina. Yamba ndi ili lili patsogolo pakoli."

Zakia anayang'ana batani lozimitsira. Linali pafupi, chala chimodzi chokha. Anayang'ananso kamzere kophethira kaja. Zaka ziwiri zinali zitapita asanalembe dzina lake paliponse, ngakhale pachikuto cha kope.

Anaika zala pamabatani. Z, A, K, I, A. Kenaka dzina la abambo ake, lonse, mosalumpha chilembo. Chiphaso, ayi. Pemiti, eya. Dziko, Malawi.

Pulinta ya nthawi imeneyo sinkadziwa kusunga chinsinsi. Inalira ngati macheka, tsrrr tsrrr, kukhomo komwe inaikidwa. Ndipo pakhomopo panali pataima Gertrude, atanyamula magwinya awiri, mandasi a ku Joni, limodzi lake limodzi la mnzake.

"Zatheka, Zanele!" anafuula. Anang'amba kapepalako mwachimwemwe kuti amupatse. Maso anagwera pamalembawo. Kumwetulira kunazilala.

"Zakia Abdulhamid. Malawi. Desiki 2." Anawerenga pang'onopang'ono. "Ameneyu ndani?"

"Ndine, Gertrude."

"Zaka ziwiri? Timadyera mbale imodzi, ndinakuuza zanga zonse, ngakhale zimene amayi anga sadziwa. Iwe ngakhale dzina lokha?"

"Ndimaopa."

"Umandiopa ine?"

Gertrude anaika kapepala ndi gwinya limodzi patebulo, misozi ili lengelenge, n'kutsika masitepe mothamanga. Sanali mtsikana woipa ayi. Koma mtima ukamuwawa, pakamwa pake sipankasunga kanthu, ndipo tekisi ya ku Makause anakwera yoyambirira.

6. Bokosi latseguka

Zakia anafika ku Makause cha m'ma 3 koloko, kapepala atakapinda kanayi m'thumba la siketi. Podutsa pampopi, azimayi amene ankatunga madzi anasiya kucheza. Mmodzi anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

Pakhomo pa mkhukhu panali chikwama chachikulu chamizeremizere, chotseka kale zipi. Pamwamba pake panali nsapato zake za pa Idi.

A Safia anali atakhala pabedi, duku lili pamiyendo.

"Salamu aleikumu, azakhali."

"Aleikumu salamu. Lowa, tseka chitseko."

Zakia anagwada pafupi ndi chitseko. M'kanyumbamo munali motentha ngati mu uvuni.

"Ndinapita kukatunga madzi," anayamba a Safia, mawu ali pansipansi. "Amake Gertrude anandifunsa pamaso pa anthu kuti, Mama Sofi, kodi Giyani yanuyi ndi ya ku Malawi? Ena anaseka. Ena sanaseke. Amene sanasekewo ndi amene ndikuwaopa. Zaka zisanu ndi chimodzi ndakhala pano ngati wosalankhula. Ndimaswali chitseko chotseka. Maliro a mchimwene wanga ndinalira chamumtima kuti lilime lingandiulule. Zonsezo iwe wazigwetsa ndi zala ziwiri, tsiku limodzi. Ndinakuuza m'mawa womwe uno. Kodi ndinalankhula chinenero chachilendo kuti usamve?"

"Ndinamva, azakhali. Koma ndapeza malo kusukulu. Chaka chathunthu, ndi satifiketi yomwe. Onani."

Anatambasula kapepala kaja. A Safia sanakayang'ane n'komwe.

"Azakhali, ndiloleni ndinene kamodzi kokha. Lamulo lanu loyamba limati munthu aliyense. Aliyense! Limagwira a vani, limagwiranso aphunzitsi, limagwira ndi anamwino omwe. Munthu wofuna kutithandiza sangatifike, chifukwa lamulo loyambalo lamubweza kale. Sindikuti mulichotse. Mungolitsitsa pang'ono. Pamwamba pakhale pakuti, ngati ndi kusukulu, nena zoona. Abambo anavutikira pepala lija kuti ndidzalowere pakhomo, osati kuti..."

"Ine ndi kompyuta yako, kuti uzindisuntha mizere?" A Safia anadzuka. "Abambo ako usawatchule. Ndinawagwira dzanja ine pomwalira. Ananena kuti, Safia, mwanayu asaonongeke. Sananene kuti akhale ndi satifiketi. Mphunzitsi wakoyo madzulo ano agona m'nyumba ya njerwa, ya loko. Ife tigona m'malata omwe mwana angawaboole ndi msomali. Akabwera anthu ndi palafini, satifiketi idzazimitsa moto? Ndikonda undide uli moyo ku Ntaja kusiyana n'kuti ndikakuike pafupi ndi abambo ako kuno. Malamulo anali anayi. Atatu wawalumpha wekha. Latsala lomaliza."

Misozi inali ikutsika m'masaya mwawo, koma mawu sanagwedezeke. Zakia anawamvera chisoni ndi mkwiyo nthawi imodzi, ndipo analira nawo.

"Ndalankhula kale ndi a Sefu," anapitiriza. "Lole yawo inyamuka Lolemba 8 koloko, kuseri kwa renki ya ku Boksburg. Akusungira malo kutsogolo, pafupi ndi akazi awo."

Atatero anachita chinthu chimene Zakia anali asanachionepo. Anapisa dzanja m'chiuno, n'kumasula chingwe chija. Anakoka bokosi kunsi kwa bedi. Loko inavuta chifukwa cha dzimbiri, kenaka inalola. Pansi pa zithunzi ndi kofia ya malemu panali envulopu yofiirira.

"Tenga. Ndi la abambo ako ndi iwe, si langa. Pamalire akakufunsa ukaonetse. Kufikira tsikulo ulisunge pakhungu, osati m'chikwama."

Zakia analandira ndi manja awiri. Zaka ziwiri akulipempha pepala limeneli, lero lamufika m'manja pomuthamangitsa! Anasolola pang'ono n'kuona dzina lake pansi pa la abambo ake. Anayang'ana kapepala ka pulinta kamene kanali pabondo. Mayina awiriwo anali ofanana, chilembo ndi chilembo.

Lole, Lolemba 8 koloko, kuseri kwa renki. Desiki 2, Lolemba 8 koloko, misewu iwiri yokha kuchoka parenkipo. Zakia anapinda mapepala onse awiri pamodzi n'kuwalowetsa m'kati mwa bulauzi.

A Safia anali akumuyang'anitsitsa. Zaka ziwiri mwanayo ali m'manja mwawo, ankamudziwa bwino.

"Ndipo Lolembalo sindipita kuntchito," anatero akubwezera bokosi kunsi kwa bedi. "Ndikakuperekeza ndekha. Dzanja lako ndikalisiya utakwera."